Utsi Utuluke Bwino: Za Ekizozi ya Galimoto ya Turbo



Masiku apitawo ndinali m'boma la Mchinji. Msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe umadzera pa Namitete ndi pa Kamwendo, nufika pa Boma utatha makilomita pafupifupi 110. Kupitirira pang'ono pali chipata cha Mchinji ndi Mwami choloŵera m'dziko la Zambia, pamene maofesi atsopano a maiko aŵiriŵa anatsegulidwa mu December 2022. Pamenepo malole sadukiza usana ndi usiku, ndipo ambiri mwa iwo injini zawo n'za dizilo zokhala ndi turbo.

Ndili pa Kamwendo panafika mnyamata wina pa pikapu yodzaza matumba a mtedza. Galimotoyo inkalira ngati bingu, mwakuti amayi ogulitsa tomato anatseka makutu. Nditamufunsa, anandiuza monyadira kuti wadulitsa sailensa kwa wowotcherera kuti galimoto izithamanga. Ndinati, “Kodi tsopano ikukoka kwambiri, achimwene?” Iye anayankha kuti, “Bambo, kodi simukumva mmene ikulirira?” Ine ndinafunsa za mphamvu, iye anandiyankha za phokoso. Anthu ambiri amasokoneza zinthu ziŵirizi, ndipo nkhani yathu lero yagona pamenepo.

Tiyambe ndi turbo. Injini imapeza mphamvu potentha mafuta, ndipo moto suyaka popanda mpweya. Mayi aliyense amene anakupizapo mbaula akudziŵa kuti makala amayaka kwambiri akalandira mpweya wochuluka. Turbo ndi chokupizira cha injini. M'kati mwake muli timagudumu tiŵiri tamapiko tolumikizidwa ndi kamtanda kamodzi kachitsulo. Gudumu loyamba limazunguzidwa ndi utsi wotentha wotuluka m'injini. Likamazungulira limazunguzanso linzake, limene limakoka mpweya wakunja ndi kuupanikizira m'injini. Motero utsi umene ukanangotayika umagwira ntchito usanatuluke. Timagudumuti timazungulira koposa maulendo 100,000 pa mphindi imodzi.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Katswiri wa ku Switzerland, Alfred Büchi, anailembetsa m'chaka cha 1905. Kampani ya Saurer ya m'dziko lomwelo inaika turbo pa malole mu 1938, ndipo galimoto zazing'ono zoyamba kukhala nayo zinatuluka ku America mu 1962. Kwa ife turbo ili ndi phindu lapadera. Mchinji ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,200 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kumtunda ndi wopepuka. Injini yopanda turbo ikafika pamalo otere imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake, pamene ya turbo imabweza zambiri mwa zotayikazo.

Nanga ekizozi ikuloŵa bwanji m'nkhaniyi? Alimi a fodya wa m'mabalani akudziŵa kuti chumuni chikatsekeka moto umafooka, ngakhale muponyemo nkhuni zochuluka bwanji. N'chimodzimodzi ndi galimoto. Gudumu la turbo limazungulira chifukwa utsi wofika kwa ilo ndi wopanikizika kwambiri kuposa utsi umene wadutsa kale. Ngati paipi ya kumbuyo kwa turbo ndi yopapatiza, yophwanyika kapena yodzaza mwaye, utsi umaunjikana m'menemo ndi kukankhira m'mbuyo. Pamenepo gudumu limachedwa kuyamba liŵiro, injini imavutika kutulutsa utsi, ndipo kutentha kumakwera. Dalaivala amaponda mafuta, koma galimoto imayankha mochedwa ngati mwana wotumidwa ali ndi tulo.

Amakaniko ena amati injini imafuna kuti utsi uzipanikizika pang'ono m'paipi. Mawu ameneŵa anachokera ku injini zopanda turbo, zimene zimafooka pa liŵiro lochepa zikaikidwa paipi yaikulu mopitirira muyeso, chifukwa utsi umayenda mozengereza. Pa injini ya turbo zinthu n'zosiyana. Kumbuyo kwa turbo, njira ikakhala yotseguka ndiye kuti zili bwino. Koma mapaipi a pakati pa injini ndi turbo asiyeni mmene anawapangira, pakuti utsi uyenera kufika pa gudumu uli wotentha ndiponso wothamanga.

Tsono munthu wofuna kuti galimoto yake izikoka bwino ayambire pati?

Poyamba, konzani zimene zawonongeka. Galimoto zambiri za kwathu kuno zimaloŵa m'misewu yafumbi kukatenga chimanga, soya ndi fodya kumidzi. M'nyengo yadzinja paipi imagunda miyala ndi zitunda za matope, niphwanyika osabooka. Kunja imaoneka yabwino, koma njira ya utsi yachepa. Loŵani pansi pa galimoto injini itazizira ndipo yang'anani paipi yonse. Funani mwaye wakuda pa malo olumikizira, chifukwa umasonyeza pamene utsi ukuthaŵira. Utsi wothaŵa usanafike pa turbo ndi mphamvu yotayika. Onaninso fyuluta ya mpweya, pakuti fumbi la m'chilimwe limaitseka msanga. Kaŵirikaŵiri mphamvu imene munthu akuifuna kwa wowotcherera imabwerera pongokonza zimenezi.

Chachiŵiri, ngati mufunadi kusintha paipi, gawo lofunika kwambiri ndi loyamba, lochokera pa turbo penipeni kutsikira pansi pa galimoto. M'menemo utsi umakhala wotentha kwambiri, ndipo utsi wotentha umafuna malo aakulu. Kukongoletsa nsonga ya paipi ya kumbuyo kumangosangalatsa maso.

Chachitatu, kulitsani paipi mwanzeru. Apa tikumbuke masamu a kusukulu. Paipi ya mainchi 3 m'mimba mwake imaoneka yongoposa pang'ono ya mainchi 2.5, koma njira yake ndi yaikulu ndi magawo 44 pa 100 alionse. Choncho kuwonjezera theka la inchi n'kokwanira pa pikapu kapena galimoto yaing'ono. Samalaninso mokhotera. Paipi yopindidwa mwachisawawa imaphwatalala pa chigongono, ndipo pamenepo yaikuluyo imasanduka yaing'ono. Gulani zigongono zopindidwa kale ndi makina, zimene m'kati mwake ndi mozungulira bwino, ndipo zikhale zoŵerengeka.

Chachinayi, sailensa isachoke. Pali masailensa amene m'kati mwake muli paipi yowongoka ya timabowo, yokutidwa ndi zinthu zomeza phokoso. Otereŵa amalola utsi kudutsa mosavuta koma osagonthetsa anthu m'kutu.

Muyembekezere zotani mukachita zonsezi? Turbo iyamba kugwira ntchito msanga, galimoto iyankha mofulumira pokwera chitunda ili ndi katundu, ndipo utsi sutentha kwambiri monga kale. Koma tisanamizane. Pa galimoto zamakono kompyuta ndiyo imalamula kuchuluka kwa mafuta ndi mpweya, motero paipi yokha siisandutsa pikapu kukhala galimoto ya mpikisano. Phindu lake ndi lapang'ono, ndipo amene akukulonjezani zodabwitsa akufuna ndalama zanu.

Tsopano tikambe za ngozi zake. Pa turbo zambiri pali kachitseko kamene kamatseguka mpweya ukapanikizika mokwanira, kuti utsi wina ulambalale gudumu. Paipi ikatseguka kwambiri, pa injini zina kachitsekoka kamalephera kulamulira, ndipo mpweya umapanikizika kuposa muyeso. Pa injini ya petulo zimenezi zingathe kupsereza gasiketi kapena kusungunula mapisitoni. Pa ya dizilo, ena amawonjezeranso mafuta pa pampu. Utsi wakuda umene umatsatira ndi dizilo amene sanapse bwino, ndalama zanu zikuuluka m'mwamba, kwinaku injini ikutentha. Mtengo wa turbo yatsopano ungadye phindu la nyengo yonse yokolola.

Ngozi ina ikukhudza moyo wa anthu. M'paipi za galimoto za petulo muli chipangizo chooneka ngati zisa za njuchi, chimene amakaniko amachitcha catalytic converter. Ntchito yake ndi kusandutsa mipweya yapoizoni kukhala yosaopsa kwambiri. M'kati mwake muli miyala yamtengo wapatali monga platinum, palladium ndi rhodium, ndipo n'chifukwa chake akuba m'maiko ambiri amachisakasaka. Munthu akakuuzani kuti akuchotserani ulere kuti galimoto ipume bwino, mufunseni kumene akupita nacho. Galimoto zambiri zatsopano za dizilo zili ndi sefa yogwira mwaye, yotchedwa DPF. Sefayi imadziyeretsa yokha potentha mwayewo galimoto ikayenda ulendo wautali pa liŵiro lokhazikika, monga wochokera ku Mchinji kupita ku Lilongwe. Imatsekeka ngati galimoto ingoyenda timaulendo tatifupi. Ikatsekeka iyeretsedwe kapena isinthidwe, osati kuiboola. M'chaka cha 2012 akatswiri a za khansa a bungwe la World Health Organization analengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Amene amaupuma ndi mayi wogulitsa m'mbali mwa msewu, mwana ali kumbuyo, ndi mnyamata wa kabaza.

Paipi yowotchereredwa mosasamala, kapena yodulidwa kuti ithere pansi pa galimoto, ingaloŵetse utsi mmene mwakhala anthu. M'utsi, makamaka wa petulo, muli mpweya wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo kapena mtundu. Umayamba ndi mutu ndi tulo, kenaka umapha. Inu madalaivala amene mumagona m'galimoto podikira mapepala pa chipata, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July, musagone injini ikulira mawindo ali otseka. Paipi itulukire kunja kwenikweni kwa galimoto, ndipo italikirane ndi thanki ya mafuta, mapaipi a mabuleki ndi mawaya. M'chilimwe musaimike galimoto yotentha pa udzu wautali wouma.

Kumbukiraninso lamulo. Galimoto yaphokoso lopitirira muyeso kapena yofuka utsi wambiri ingakanizidwe chiphaso cha COF, ndipo apolisi a pamsewu angakuimitseni kuno kapena kutsidya kwa malire.

Mnyamata wa pa Kamwendo uja tisanasiyane, tinasuzumira limodzi pansi pa pikapu yake. Pafupi ndi giyabokosi paipi inali yophwatalala, itagundidwa ndi mwala kalekale. Sailensa imene anaitaya inalibe mlandu. Anapukusa mutu nati, “Ndiye kuti ndalama zanga ndinagulira phokoso.” Makolo athu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, ndiponso safunsa anadya phula. Musanapereke galimoto yanu kwa munthu wa sowo ndi moto, funsani makaniko wodziŵa za turbo, ndipo yambani mwaona pamene utsi watsekeredwa.