Kafukufuku amafunika kupeta asanafike pabedi la wodwala

Mliri wa kolera womwe udayamba m'boma la Machinga m'mwezi wa Malichi 2022 udafika m'boma la Nkhata Bay m'chaka chomwecho, ndipo madera a asodzi a m'mphepete mwa nyanja, kuphatikizapo a kufupi ndi Chintheche, adakhudzidwa kwambiri. Pomwe mliriwu unkazilala mu 2023 n'kuti utapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ambiri mwa omwe adafika kuchipatala ali lefu adapulumuka ndi madzi: Thanzi ORS kwa otha kumwa, ndi diripi yothamanga ya Ringer's Lactate kwa omwe madzi adali atatheratu m'thupi.

Komatu pali kafukufuku wina wotchuka yemwe adapeza kuti kuthamangitsa diripi kumapha ana. Kafukufukuyu, wotchedwa FEAST, adachitika m'zipatala za ku Uganda, Kenya ndi Tanzania motsogozedwa ndi Kathryn Maitland, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2011 m'magazini ya New England Journal of Medicine. Mwa ana 3,141 omwe adali ndi thupi lotentha komanso magazi osayenda bwino, ana pafupifupi 11 mwa 100 alionse omwe adalandira madzi ambiri mofulumira adamwalira m'maola 48, pomwe mwa omwe sadalandire adamwalira pafupifupi 7 mwa 100 alionse.

Namwino wa pachipatala cha Chintheche amene wangoona mutu wa nkhaniyi pafoni akhoza kuchita mantha n'kuchepetsa diripi ya mwana wa kolera, ndipo mwanayo angathe kumwalira. Amene wawerenga lipoti lonse amapeza kuti ochita kafukufukuyo sadalowetsemo ana otsegula m'mimba, ana onyentchera kwambiri, ngakhalenso opsa ndi moto. Ana oposa theka adali ndi malungo. Choncho zomwe FEAST adapeza n'zoona pa mwana wa malungo aakulu, koma sizikunena kanthu za mwana wa kolera. Luso lotha kusiyanitsa zinthu zotere ndilo tikulitcha kupeta kafukufuku.

Mfundo yochiza motsata umboni idafotokozedwa momveka ndi David Sackett ndi anzake mu 1996. Iwo adati wachipatala aziphatikiza luso lake ndi umboni wabwino koposa womwe ulipo, poganiziranso zomwe wodwala akufuna. Mawu ofunika pamenepa ndi akuti wabwino koposa, chifukwa si zonse zosindikizidwa zomwe zili ndi mphamvu yofanana. Pali mafunso angapo omwe namwino kapena mzamba angadzifunse ngakhale asadaphunzire masamu ozama.

Kodi odwala adagawidwa motani?

Kuti tidziwe ngati mankhwala kapena chipangizo chikuthandiza, pamafunika magulu awiri ofanana, lina lolandira thandizo latsopanolo ndipo lina lolandira la masiku onse. Njira yodalirika yogawira odwala ndi ya maere, pakuti imachotsa mwayi woti wofufuza aike odwala amphamvu kumbali yomwe akuikonda.

Nkhani ya makina a CPAP, omwe amakankhira mpweya m'mphuno mwa mwana wobanika, ikusonyeza bwino zimenezi. Mu 2014 Dr Kondwani Kawaza ndi anzake adasindikiza zomwe adapeza pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre: mwa makanda 87 ovutika kupuma, 71 mwa 100 alionse omwe adaikidwa pa CPAP adakhala ndi moyo, poyerekeza ndi 44 mwa 100 omwe adangolandira okosijeni. Zotsatirazi zidali zolimbikitsa, koma makandawo adali ochepa ndipo sadagawidwe mwa maere. Khanda linkaikidwa pamakinawo malinga ndi kupezeka kwake.

Patapita zaka zochepa, ofufuza ena adayesa CPAP pachipatala cha boma cha Salima pa ana 644 odwala chibayo choopsa, ndipo ulendo uno adawagawa mwa maere. Lipoti lake la mu 2019 lidasonyeza kuti ana 17 mwa 100 alionse a pa CPAP adamwalira, pomwe mwa olandira okosijeni wamba adamwalira 11 mwa 100. Kafukufukuyo adaimitsidwa asadafike kumapeto.

Kodi odwala awo akufanana ndi anga?

Malipoti awiriwa sakutsutsana kwenikweni. Loyamba lidali la makanda ongobadwa kumene, ambiri osakwana masiku, pachipatala chachikulu chokhala ndi madotolo a ana. Lachiwiri lidali la ana okulirapo, ena onyentchera kapena okhudzidwa ndi HIV, pachipatala cha m'boma pomwe anamwino ndi makiliniko ofesala ankawasamalira popanda dotolo wowayang'anira tsiku ndi tsiku. Ku Bangladesh, komwe CPAP idachepetsa imfa za ana a chibayo mu lipoti la 2015, anawo adali m'chipinda cha odwala mwakayakaya.

Chipatala cha Chintheche chimatumiza odwala ovuta kuchipatala cha boma cha Nkhata Bay, ndipo kuchoka kumeneko amapita ku Mzuzu Central. Pakapezedwe ka madotolo ndi zipangizo, chipatala chotere chili pafupi ndi Salima kusiyana ndi Queen Elizabeth. Namwino wakumeneko ayenera kufunsa za msinkhu wa odwala omwe adafufuzidwa, matenda ena omwe adali nawo, omwe adasiyidwa kunja, komanso kuchuluka kwa ogwira ntchito omwe ankawayang'anira. Chipangizo chofuna kuti mwana aziyenderedwa pafupipafupi chikhoza kukhala choopsa m'wodi yomwe namwino mmodzi akuyang'anira mabedi onse usiku.

Kodi adayeza chiyani?

Chinthu chikhoza kumveka chanzeru koma osabala chipatso chomwe tikufuna. Utsi wa m'khitchini umawononga mapapo, ndipo mbaula zamakono zimatulutsa utsi wochepa zikayesedwa m'labotale. Ambiri adakhulupirira kuti mbaulazi zichepetsa chibayo pakati pa ana. Kafukufuku wa CAPS, wotsogozedwa ndi Kevin Mortimer, adagawa mwa maere magulu a midzi 150 ku Chikwawa ndi ku Karonga n'kutsatira ana oposa 10,000 kwa zaka ziwiri. Lipoti lake m'magazini ya The Lancet mu 2017 lidati chibayo sichidachepe pakati pa ana a m'nyumba zolandira mbaulazo.

Kuchepa kwa utsi m'labotale ndi chizindikiro chabe. Chomwe mayi wa ku Chintheche akufuna n'choti mwana wake asadwale. Powerenga lipoti, namwino aone ngati ofufuza adawerenga imfa, kuchira ndi masiku ogona m'chipatala, kapena adangoyeza china chake m'magazi n'kulosera zotsalazo.

Kodi phindu lake ndi lalikulu bwanji?

Manambala amatha kunena zoona m'njira yosocheretsa. Kafukufuku wa AQUAMAT wa mu 2010 adayerekeza jakisoni wa artesunate ndi kwinini pa ana 5,425 odwala malungo aakulu m'maiko 9 a mu Africa. Imfa zidali 8.5 peresenti kumbali ya artesunate ndi 10.9 peresenti kumbali ya kwinini. Tikhoza kunena kuti artesunate adachepetsa imfa ndi 22.5 peresenti, ndipo n'zoona. Tikhozanso kunena kuti kusiyana kwake kudali ana 2.4 mwa 100 alionse, kutanthauza kuti pa ana 41 olandira artesunate m'malo mwa kwinini, mwana mmodzi woonjezera amapulumuka. Izinso n'zoona.

Pa matenda opha ana ambiri ngati malungo, phindu limeneli ndi lalikulu, n'chifukwa chake bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidasintha malangizo ake mu 2011. Koma wotsatsa mankhwala a matenda osowa akhoza kugwiritsa ntchito nambala yoyamba ija pokuza phindu laling'ono zedi. Namwino afunefune nambala yachiwiri nthawi zonse.

N'chimodzimodzi ndi katemera wa malungo wa RTS,S, yemwe dziko la Malawi lidali loyamba kuyamba kumupereka mu Epulo 2019, ndipo boma la Nkhata Bay lidali limodzi mwa maboma oyambirira. Poyesedwa, katemerayu adateteza pafupifupi matenda 4 mwa 10 alionse a malungo pa ana olandira maulendo anayi. Namwino wodziwa nambala imeneyi amauza mayi zoona: katemera athandiza, koma mwana azigonabe m'neti, ndipo akatentha thupi abwere naye msanga.

Kodi ndi wa liti, ndipo adalipira ndani?

Umboni umakalamba. Kwa zaka zambiri kolorokwini adali mankhwala odalirika a malungo, koma tizilombo tidayamba kupima mphamvu zake. Mu 1993 Malawi lidakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kutenga Fansidar, ndipo mu 2007 Fansidar naye adalowedwa m'malo ndi LA. Buku lomwe namwino adaphunzira nalo kukoleji likhoza kukhala kuti lidali lolondola panthawi yake koma lero lidatha ntchito.

Nkofunikanso kuona yemwe adapereka ndalama za kafukufukuyo komanso ngati adavomerezedwa ndi komiti yoteteza anthu ofufuzidwa. Kuno kwathu ntchitoyi imagwiridwa ndi makomiti monga National Health Sciences Research Committee ndi COMREC ya kusukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences. Ngakhale dzina la magazini yotchuka silokwanira. Mu 1998 The Lancet idasindikiza lipoti la Andrew Wakefield, lokhudza ana 12 okha, lomwe lidaopseza makolo za katemera wa chikuku. Magaziniyo idalichotsa mu 2010, koma mphekesera zake zikuyendabe pa WhatsApp ndi pa Facebook. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lipoti limodzi silokwanira kusintha kachitidwe ka wodi. N'chifukwa chake bungwe la Cochrane, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1993, limasonkhanitsa malipoti onse a funso limodzi, kuwapima mphamvu, n'kutulutsa chigamulo chimodzi. Namwino wosowa nthawi ayambire pa malipoti ophatikiza oterewa. Magazini ya Malawi Medical Journal imawerengedwa mwaulere paintaneti, ndipo ndondomeko ya Hinari ya WHO imalola mabungwe a zaumoyo a m'maiko osauka kupeza magazini ambiri osalipira.

Kupeta kafukufuku sikupatsa namwino ufulu wosintha mankhwala payekha. Malangizo a Unduna wa Zaumoyo ndiwo amatsogolera kachizidwe m'zipatala za boma, ndipo bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi limayang'anira kagwiridwe ka ntchito ka anamwino ndi azamba. Namwino akapeza umboni wotsutsana ndi zomwe zikuchitika m'wodi, malo ake ndi pamsonkhano wa m'mawa wopatsirana odwala, kwa mkulu wa anamwino, ndi kuofesi ya zaumoyo ya m'boma. Kumeneko mawu ake amalemera akabwera ndi lipoti lomwe waliwerenga lonse, komanso ndi kaundula wa m'wodi yake wolembedwa mosamala, wosonyeza kuti odwala angati adalandira chiyani ndipo zidatha bwanji.