CIBVUMBULUTSO SI BUKU LOWERENGERA TSIKU LA CIMALIZIRO

Mvula ikacedwa, cimanga nkuyamba kufota m'minda ya ku Petauke ndi ku Nyimba, funso limabuka pakhomo pa kacisi: kodi awa ndiwo masiku otsiriza? Funsoli limagwera abusa, akatekisti ndi akulu a mpingo, kuyambira ku Minga kwa Akatolika kufikira ku Merwe ndi ku Hofmeyr kwa a Reformed. Yankho lao likapotoka, ena amagoneka makasu pansi.

Cibvumbulutso, buku lotsiriza m'Baibulo, ciri ndi mitu 22. Yohane anacilemba ali pa cisumbu ca Patmos, ca m'ma 95, m'masiku a mfumu Domitian ya ku Roma. Inali kalata yopita ku mipingo isanu ndi iwiri ya m'dziko limene lero licedwa Turkey, kumene Akristu anali kusautsidwa cifukwa cokana kupembedza mfumu.

Munthu wokhala pansi pa mfumu yankhanza salankhula poyera. Agogo posimba nthano ya Kalulu ndi Mkango, omvera amadziwa kuti mkangowo ndi munthu waudindo wozunza anzace. Yohane nayenso anaphiphiritsa. Babulo ndiye mzinda wa Roma, womangidwa pa mapiri asanu ndi awiri; ndipo akatswiri ambiri a Malembo amati nambala ya 666 ndiyo dzina la mfumu Nero likawerengedwa m'zilembo za Cihebri.

Osadziwa zimenezi amasandutsa bukuli kalendala. Mu 1908 ndi 1909 Elliot Kamwana anabatiza anthu zikwi zambiri ku Nkhata Bay ku Malawi, nawauza kuti dziko latsopano lidzafika mu 1914, ndi kuti msonkho udzatha. Cakaco cinadza ndi nkhondo, msonkho nukhalabe. Zoopsa koposa zinacitika ku Kanungu m'dziko la Uganda. Kumeneko anthu anagulitsa ziweto ndi katundu atauzidwa kuti dziko lidzatha pa 31 December 1999. Silinathe, ndipo m'mwezi wa March 2000 anthu oposa 700 a mpingowo anafa, ena pa moto wa m'kacisi, ena anapezeka m'maenje.

Cifukwa cace mphunzitsi wa pampingo ayenera kuyamba ndi mafunso atatu: analemba ndani, analembera yani, nanga anthuwo anali m'mabvuto otani? Asathamangire ku cirombo ca mitu isanu ndi iwiri. Ayambe ndi makalata a ku mipingo m'mitu 2 ndi 3, nafike nao ophunzira ku mutu 21, kumene Mulungu apukuta misozi ya anthu ace. Awakumbutsenso Mateyu 24:36, pamene Yesu ananena kuti tsikulo silidziwika ngakhale kwa angelo.

Akristu naonso asaope kufunsa mlaliki wodza ndi tsiku m'thumba, pakuti safunsa anadya phula. Yohane analembera anthu otopa kuti apirire, osati kuti aleke nchito. Womva bwino bukuli Lamulungu amalawirira kumunda Lolemba.