Anapereka chikole cha galimoto ya magetsi asanaione n'komwe

Inu amene mumagulitsa kaunjika, nsapato kapena zitsulo mumsika, tandiyankhani. Munthu atabwera pabenchi panu ndi chithunzi chokha cha belo, n'kunena kuti perekani mpamba wanu lero, katunduyo afika posachedwapa, mungapereke? Ndikudziwa kale, mungamuuze kuti akasewere kwina.

Komatu kunja kuno kuli anthu ophunzira bwino, a ndalama zawo, amene anachita zimenezi popanda wowakakamiza. Mmodzi mwa iwo ndi alamu anga enieni, amuna awo a achemwali anga, amene amakhala ku Manchester m'dziko la Britain.

Nditapita kukawaona nyengo yozizira, anadzanditenga pabwalo la ndege ndi galimoto yawo yatsopano ya magetsi. Nditakhala pansi ndinadikira kuti alize injini. Zii. Ndinangoona nyumba zayamba kubwerera m'mbuyo.

Tikulowa mumsewu waukulu anati, "Alamu, mutu wanuwo muutsamiritse kumpando." Ndisanafunse chifukwa, anaponda. Abale inu! Matumbo anga anatsalira kumbuyo, chipewa chinagwa, ndipo ndinakuwa "mayo ine" ngati mwana. Sindinawerenge n'kufika pa 5 pomwe, iwo anali atachotsa kale phazi. Lamulo la kumeneko sililola kupitirira mamailosi 70 pa ola, omwe ndi makilomita 112.

Chinsinsi chake n'chakuti injini ya petulo imayamba yadzikoka, kulira, kusintha magiya, kenaka ndiye ipeze mphamvu. Mota ya magetsi imapereka mphamvu zake nthawi yomweyo ukangoponda, ndipo palibe zosinthasintha magiya. Magalimoto othamanga a mtunduwu amakhala ndi mamota awiri, ina kutsogolo ina kumbuyo, ndipo batire lake, lolemera pafupifupi theka la tani, limayalidwa pansi ngati mphasa.

Madzulo ake, tikudya nsima, achemwali ndi amene anandiululira mbali ina ya nkhaniyi.

"Achimwene, musatengeke ndi liwirolo. Afunseni anadikira nthawi yaitali bwanji."

Alamu anangoyang'ana m'mbale. Zinapezeka kuti ogulitsa, omwe sindiwatchula dzina muno, anawalonjeza miyezi itatu. Iwo mwachimwemwe anapereka chikole, nagulitsiratu galimoto yawo yakale. Miyezi itatu inasanduka isanu ndi umodzi, kenaka chaka chinatsala pang'ono kukwana. Nthawi yonseyo bambo a pakhomo ankapita kuntchito ya usiku pabasi, chisanu chili m'mafupa. Chimene chinawapweteka kwambiri achemwali n'chakuti ndalama za chikolezo ndi zimene anagwirizana kuti agulire malata a nyumba ya mayi athu kumudzi. Dzinja lathunthu linadutsa mayi akutchera mabeseni m'nyumba.

Musaganize kuti alamu anga ndi okhawo. Galimoto yawo ndi ya kampani ina, koma mchitidwe umenewu unatchuka ndi kampani ya ku America ya Tesla, ya mkulu uja Elon Musk. Pa 31 March 2016, tsiku limene ankaonetsa koyamba galimoto yotchedwa Model 3, anthu anafola mizere pakhomo pa masitolo a kampaniyi kuyambira m'mawa, ena anagona pomwepo, kuti apereke madola 1,000 aliyense. Apo n'kuti galimotoyo isanavundukulidwe n'komwe. Sabata imodzi yokha, maoda anakwana 325,000.

Tawerengani nokha, inu odziwa masamu a pamsika. Amenewo ndi madola 325 miliyoni olowa m'thumba la wogulitsa, opanda chiwongoladzanja. N'zoona kuti wofuna ankatha kuitanitsa ndalama zake n'kubwezeredwa. Koma nthawi yonse imene ukudikira, iwe wogula ndiwe wakongoza wogulitsa, ndipo iye akuchitira bizinesi ndalama zako.

Magalimoto oyamba 30 anaperekedwa mu July 2017, kwa antchito a kampani yomweyo. Fakitale inalonjeza kuti pofika kumapeto kwa 2017 izitulutsa magalimoto 5,000 pa sabata, koma chiwerengerochi chinatheka pakati pa 2018. Ya mtengo wotsika wa madola 35,000, imene inakopa anthu ambiri, inatuluka mu 2019. A ku Britain, omwe chiwongolero chawo chili kumanja ngati ife, anayamba kulandira zawo mu June 2019, patatha zaka zitatu.

Anzathu a ku South Africa, kwawo kobadwira kwa Musk, nawonso analoledwa kupereka chikole mu 2016. Pofika 2025 kampaniyi inali isanayambebe kugulitsa magalimoto m'dzikomo.

Koma akatswiri a kudikira ndi amene anaoda Roadster yatsopano. Iyi inaonetsedwa mu November 2017, n'kulonjezedwa kuti izifika pa mamailosi 60 pa ola m'masekondi 1.9, ndi kuyenda makilomita 1,000 batire lisanathe. Chikole chake chinali madola 50,000, ndipo ofuna kukhala m'gulu la oyambirira 1,000 ankalipiriratu madola 250,000 onse. Anauzidwa kuti adzalandira mu 2020. Chaka cha 2025 chinatha popanda ngakhale mmodzi woilandira. Mu October 2025, Sam Altman, mkulu wa kampani ya OpenAI, amene anaoda yake mu 2018, analengeza poyera kuti watopa ndipo akufuna ndalama zake. Ngati mpondamatiki ngati ameneyo watopa, nanga iwe ndi ine?

Tsono tinene kuti galimoto yafika. Moyo wake ndi wotani? Masabata amene ndinakhala kwa alamu ndinaona ndi maso anga.

Zabwino zilipo, tisanamizane. Kulibe kusintha oilo, kulibe mapulagi, kulibe fanibeluti yoduka panjira. Mabuleki amakhalitsa chifukwa ukachotsa phazi, mota yomweyo ndi imene imachepetsa liwiro, n'kubwezera moto m'batire. Alamu akafika kunyumba amangoilumikiza kukhoma ngati foni, n'kukagona. Batire likakhala kuti latheratu limafuna maola 10 kapena kuposerapo, ndipo amatchaja nthawi imene magetsi amatsika mtengo. Pamenepo petulo sangapikisane nayo.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku lina tinanyamuka ulendo wautali kukaona abale ku London. Chifukwa cha kuzizira, batire linkatha msanga kuposa masiku otentha, pakuti moto womwewo ndi umene umatenthetsanso anthu m'katimo. Alamu aja othamanga ndinawaona akuyenda mofatsa ngati atenga mazira, diso lili pa nambala ya makilomita otsala. Titaima potchajira pa m'mbali mwa msewu tinapeza ena atatsogola. Tinadikira iwo, kenaka tinadikiranso yathu theka la ola, ndipo mtengo wa magetsi a pamenepo unali wokwera kangapo kuposa wa kunyumba.

Ndinaseka ndekha. Galimoto yoti imasiya anzake onse pamaloboti, ife tili khale kumwa tiyi, mabasi amene tinawapitirira aja akutidutsa.

Palinso matayala. Kulemera kwa batire ndi kunyamuka mwaukali kuja kumadya mphira msanga, ndipo matayala ake si otchipa. Inshuwalansi nayo ndi yokwera. Msonkho wa pamsewu, umene eni magalimoto a magetsi ku Britain sankalipira, anayamba kulipira pa 1 April 2025.

Koma chimene chingakupwetekeni kwambiri inu a malonda ndi ichi. Mu January 2023 Tesla inatsitsa mitengo mwadzidzidzi. Ku America, Model Y ya madola 65,990 inagwa kufika pa 52,990 usiku umodzi. Ku China, anthu amene anali atangogula kumene anakhamukira kumasitolo a kampaniyi kukachita zionetsero. Mukuzidziwa inu: wapikula matumba a chimanga lero pa mtengo wokwera, mawa lole yatsitsa chotchipa pakhomo pomwepo. Yatsopano ikatsika mtengo, yako yogwiritsa kale ntchito imagwa nayo limodzi, ngakhale ngongole ya kubanki ili pomwepo.

Usiku womaliza ndinawafunsa alamu mosapsatira mawu. "Alamu, zitati zibwererenso, mungachitenso?"

Anakhala kaye chete. Kenaka anati, "Galimotoyi ndingaigulenso, sindibwereranso ku petulo. Koma chikole ayi. Ndingadikire ifike pabwalo, ndiikwere, ndifunse amene ayenda nayo chaka chathunthu, kenaka nditulutse ndalama. Liwiro lija ndimaligwiritsa ntchito masekondi anayi basi, mlendo ngati inu akabwera."

Achemwali anangoti, "Mwamvatu nokha."

Malata aja anagulidwa ndithu, koma mvula itawononga kale denga ndi khoma limodzi, moti ndalama zinalowa zoposa zimene zikanalowa poyamba. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndiye kaya ndi galimoto ya magetsi, kaya ndi belo la kaunjika, kaya ndi firiji yoitanitsa ku Johannesburg, musanatambasule dzanja funsani zinthu zitatu: katundu afika tsiku liti, tsikulo lalembedwa pati, ndipo likadutsa ndalama zanga mundibwezera bwanji. Wogulitsa akayamba kukanda m'mutu, bwezani ndalamazo m'thumba.