Chitini cha penti wopopera chili ngati botolo la thobwa

Chitini cha penti wopopera chimapweteketsa mtima chikatseka. Chikulemera bwinobwino m'manja, penti alimo wambiri, koma mukadina kamutu kake kamangolavula timadontho kenako zii. Ambiri amathamangira kunena kuti anawagulitsa chabodza. Kawirikawiri vuto limakhala kagwiridwe kathu.

Taganizani za thobwa wa m'botolo amene wakhala pa benchi ya wogulitsa chim'mawire. Pamwamba pamakhala madzimadzi, ufa ndi chimera zadikha pansi. N'chifukwa chake mayi wogulitsa amayamba wakhutchumula asanakupatseni. Tsono wina atalowetsa kapaipi komwera mpaka pansi penipeni osakhutchumula, choyamba kukwera chingakhale chiphala cholimba chija, kapaipi n'kutseka asanameze kalikonse.

M'chitini mulinso kapaipi kotero, kochokera kukamutu kufika pansi. Mtundu wa penti ndi ufa wosalala wosakaniza ndi zamadzimadzi, ndipo chitini chikakhalitsa pa shelefu ufawo umadikha pomwe pali kamwa la kapaipi. Gasi wa propane ndi butane amene ali m'katimo sasankha, amangokankha chimene chili pafupi. Penti woyamba amene Edward Seymour anaika m'chitini chopopera ku Sycamore, m'chigawo cha Illinois, mu 1949 anali wa aluminiyamu, ndipo mpaka lero penti wonyezimira ngati siliva ndi wa primer ndi amene amadikha kwambiri.

Kanthu kolira gobedegobede mukagwedeza chitini ndi kampira kolimba kovundulira. Kakayamba kulira ndiye kuti ntchito yangoyamba kumene. Khutchumulani mphindi yathunthu kapena ziwiri, mukuzungulizanso chitini kuti kampirako kakokolole m'mbali mwa pansi. Ngati sikakulira n'komwe, kamatirira m'phala. Musadine kamutu mpaka kampirako kamasuke. Apa m'pamene ambiri timalephera, chifukwa mphindi ziwiri zimatalika pamene mwini njinga ya kabaza waima pambali akudikira felemu yake. M'mawa wozizira wa mu June penti amalimbirapo, choncho imikani chitini m'madzi ofunda pang'ono, osati otentha, musanakhutchumule.

Kutseka kwina kumabwera ntchito itatha. Thobwa wotsalira m'kapaipi akauma, mawa simungamwerenso. Penti wotsalira m'kabowo ka kamutu, kamene n'kakang'ono ngati nsonga ya singano, amauma m'mphindi zochepa chabe. Mukamaliza, dzondotsani chitini mutu pansi n'kudina mutalozetsa pa katoni. Kamwa la kapaipi limakhala latuluka mu penti, likukoka gasi yekha, ndipo gasiyo amatsuka njira yonse. Mtundu ukangosiya kuoneka, lekani. Ena amapitiriza mpaka kalekale poganiza kuti akutsuka bwino, pamene akungotaya gasi amene adzafunike kukankha penti wotsala. Pukutani kabowoko ndi kansanza, bwezerani chivundikiro. Zitini zina zamakono zinapangidwa kuti zizipopera ngakhale zitadzondoka. Pa izi penti sasiya kutuluka, ndiye kupukuta kokha n'kokwanira.

Kamutu kakatseka kale, kazuleni n'kukaviika mu thinner usiku wonse. Amisiri ochenjera sataya timitu ta zitini zakutha, amatisunga m'kabotolo, ndipo kena kakavuta amangosinthitsa, bola kakhale kofanana kalowedwe.

Kufanana ndi thobwa kumathera pomwepa. Kapaipi komwera mungakatokose ndi kamtengo, koma chitini chili ndi mphamvu yophulika. Musalowetse waya kapena msomali pakamwa pa chitini chenichenicho, penti angakuthovokereni m'maso. Pobwezera kamutu, kabowo kaloze kumbali. Pa zitini zambiri analembapo kuti zisatenthedwe kupitirira madigiri 50, ndipo m'galimoto yotseka magalasi pa dzuwa la mu October kutentha kumatha kudutsa pamenepo. Sungani chitini choimirira, pamthunzi, kutali ndi mbaula ndi moto wowotcherera zitsulo.