Chimapha giyabokosi ya lole n'kutentha kwa oyilo

Nyengo yokolola nandolo ikafika, kuyambira mwezi wa August mpaka October, malole amachuluka m'misika ya Migowi ndi Chiringa m'boma la Phalombe, kudzatenga matumba opita ku Limbe. Imeneyi ndi nyengonso imene dzuwa limaswa mtengo m'chigwa cha nyanja ya Chilwa. Madalaivala ambiri amayang'anitsitsa geji ya kutentha kwa injini, koma ndi ochepa amene amalabadira za oyilo wa m'giyabokosi. Chonsecho giyabokosi ikafa, mwini lole amalowa m'thumba kwambiri, makamaka masiku ano pomwe zipangizo zochokera kunja zikukwera mtengo chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja.

Oyilo wa m'giyabokosi amafewetsa zitsulo kuti zisamadyane, komanso amachotsa kutentha komwe kumabadwa magiya akamazungulira. M'lole yosintha yokha magiya, oyiloyu, yemwe amatchedwa ATF, ali ndi ntchito yachitatu: ndiye amene amanyamula mphamvu ya injini kudzera m'chipangizo chotchedwa torque converter. Zinthu zikakhala bwino, kutentha kwake kumakhala pakati pa madigiri 70 ndi 95. Kukapitirira madigiri 120, oyiloyu amayamba kupsa, mphira zotchinga oyilo zimauma n'kuyamba kudontha, ndipo timbale ta kilatchi ta mkati timaterera. Amakaniko amawerengera mwachidule kuti kutentha kukamapitirira mlingo woyenera ndi madigiri 10 alionse, moyo wa oyiloyo umafupika ndi theka.

Ambiri amaganiza kuti liwiro ndilo limatenthetsa giyabokosi. Zoona zake n'zakuti pamsewu wa tala wochokera ku Zomba kudzera pa Jali ndi Phalombe kukafika pa Chitakale, lole imayenda mofewa ndipo mphepo imaziziritsa rediyeta. Vuto limayambira m'timisewu tafumbi tolowera m'midzi, momwe lole yolemedwa imakwawa mumchenga kapena m'matope, ndiponso pamitunda monga njira ya Fort Lister, pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi. Pamenepo injini imalira kwambiri koma matayala akuzungulira pang'ono, choncho mphamvu yotsalayo imasanduka kutentha mkati mwa torque converter, pomwe mphepo yoziziritsa palibe. Lole ikatitimira, dalaivala n'kumaiponya kutsogolo ndi kumbuyo mobwerezabwereza, oyilo akhoza kupsa m'mphindi zochepa chabe.

Malole osintha magiya ndi dzanja, omwe ndi ambiri mwa a Mitsubishi Canter, Isuzu Elf ndi Toyota Dyna oyenda m'maboma athu, nawonso sapulumuka. Giyabokosi yawo imatentha oyilo akachepa, akakhala wa mtundu wolakwika, ngakhalenso akachulukitsa, pakuti magiya amamutakasa mpaka achite thovu. Katundu wopyola muyezo amangoonjezera vutolo.

Madzi ndi mdani wina. Phalombe ndi boma lodziwa kusefukira kwa mitsinje, kuchokera pa napolo wa m'chaka cha 1991 kufikira namondwe wa Freddy mu March 2023, yemwe adaononga misewu ndi milatho m'madera monga kwa Nkhulambe. Giyabokosi yotentha ikalowa m'madzi ozizira imakoka madziwo kudzera pa kabowo kopumira. Oyilo wosakanikirana ndi madzi amaoneka ngati tiyi wamkaka ndipo safewetsanso zitsulo. Wotere ngofunika kumukhetsa msanga.

Nanga dalaivala angadziwe bwanji kuti zinthu zafika poipa? Malole ena ali ndi geji kapena kanyali kochenjeza za kutentha kwa giyabokosi. Pomwe palibe, makaniko akhoza kuika geji yapadera, kapena kuwerenga kutenthako ndi kompyuta yoyezera galimoto. Kachipangizo koyezera kutentha kongolozetsa nakonso kamathandiza: mukaima, kalozetseni kunsi kwa giyabokosi, ndipo muzikumbukira nambala yomwe lole yanu imapereka ikakhala bwinobwino, kuti tsiku lomwe yasintha mudzazindikire. Maso ndi mphuno nazo n'zida. ATF wambiri amakhala wofiira akadali wabwino. Akada n'kumanunkha chakupsa, ndiye kuti watha ntchito. Magiya akamachedwa kulowa, akamagunda kapena kuterera, chimenecho n'chizindikiro china.

Kanyali kakayaka, imani pamalo abwino, mangani buleki, ikani giya pa neutral, koma musazimitse injini nthawi yomweyo. Isiyeni ilire kwa mphindi zingapo kuti oyilo azizungulira kudutsa m'choziziritsira. Musathire madzi ozizira pa giyabokosi yotentha, chitsulo chikhoza kung'aluka. Ngati kutenthako sikukutsika, zimitsani injini ndi kuitana makaniko, chifukwa kuumirira kukafika ku Limbe kukhoza kusandutsa vuto la oyilo kukhala logula giyabokosi ina.

Kupewa sikulira zambiri. Sankhani giya yotsika musanayambe mtunda kapena mchenga, osati muli kale pakati. Potsetsereka musachotse giya pofuna kupulumutsa dizilo. N'zoopsa, ndipo magiya ena salandira oyilo wokwanira. Tsukani rediyeta kuchotsa fumbi ndi mankhusu a mbewu, pakuti m'malole ambiri osintha okha magiya oyiloyu amaziziritsidwira momwemo, kotero injini ikatentha giyabokosi nayo imatentha. Gwiritsani ntchito oyilo yemwe buku la galimotoyo likunena, ndipo lole yoyenda m'fumbi ndi katundu wolemera izisinthidwa oyilo nthawi yolembedwayo isanakwane.

Eni malole nawo ali ndi mbali yawo. Dalaivala amene amadzudzulidwa akachedwa sadzaima kuti oyilo azizire, ndipo amene amalipidwa potengera kuchuluka kwa matumba adzapachira mopyola muyezo. Maulendo awiri a katundu woyenera amadya dizilo wochulukirapo, komabe mtengo wake sungafanane ndi wa lole yokhala pagalaja nyengo yonse ya nandolo.