Musanagule Masipika Ojambulira Nyimbo Pakhomo

Mwana wa mlongo wanga amaimba besi m'kagulu ka anyamata anayi kutchalitchi kwawo. Chaka chatha anasonkherana ndalama, n'kugula maikolofoni imodzi, ndipo anajambula nyimbo zitatu kuchipinda kwake pa laputopu. Posakaniza mawu ankamvetsera pa sabuwufa ya pabalaza, ija banja limaonerapo mafilimu. Pamenepo nyimbo zinkakoma kwabasi, besi ikugunda mpaka pachifuwa. Koma atazitumiza kwa anzawo pa WhatsApp, ena anayamba kufunsa ngati woimba besi anali kumudzi tsiku lojambulalo. Mawu ake sankamveka n'komwe.

Mnyamatayo sanalakwitse kuimba. Inamupusitsa ndi sabuwufa. Masipika a pabalaza amapangidwa kuti asangalatse khutu, choncho amakokomeza mawu apansi. Iye atamva besi yachuluka anaitsitsa, osadziwa kuti yochulukayo inali ya sipika, osati ya m'nyimbo.

Masipika a mu situdiyo, amene ojambula nyimbo amawatchula kuti ma monitor, ntchito yawo ndi ina: kutulutsa mawu mmene anajambulidwira, osawonjezera osachotsera. N'chifukwa chake munthu akawamva koyamba amatha kukhumudwa kuti ndi ozizira. Sipika yotchuka ya Yamaha NS-10, imene inatuluka mu 1978, anthu ambiri ankati siikoma kumvetsera, komabe inadzaza m'masitudiyo akuluakulu padziko lonse chifukwa inkaulula cholakwika chilichonse, makamaka pa mawu a woimba. Kampaniyo inasiya kuipanga mu 2001.

Funso limene makolo amafunsa mwana akabwera ndi pempho lotere ndi lakuti, “Kodi ang'onoang'onowa sangakwane?” Nthawi zambiri amakwana. Kukula kwa sipika kumawerengedwa potengera chimbale chachikulu cha kutsogolo chija: mainchesi 3.5, 5, 6.5 kapena 8. Chikakula, sipika imatha kutsika kwambiri pa mawu apansi. Tsono mawu otsikitsitsa amene woimba besi amafika m'nyimbo zambiri za kwaya amanjenjemera pafupifupi ka 82 pa sekondi, kapena kuti 82 Hz, pamene chingwe chachikulu cha gitala ya besi chimatsika mpaka 41 Hz. Sipika ya mainchesi 5 monga Yamaha HS5 imafika cha m'ma 54 Hz malinga ndi opanga ake. Kwa kwaya kapena kagulu koimba popanda zing'wenyeng'wenye, imeneyi ndi yokwana ndithu. PreSonus Eris E3.5, imene ili m'gulu la otsika mtengo kwambiri, imalekezera pa 80 Hz, m'malire enieni a woimba besi. Ingathandize woyamba kumene, koma wojambula ng'oma ndi kiyibodi aziyerekeza ndi mahedifoni abwino. JBL 305P MkII ndi KRK Rokit 5 nawonso ndi a mainchesi 5, ndipo Kali LP-6 ndi ya 6.5. Ya mainchesi 8 m'kachipinda kogona ndi kutaya ndalama: besi imangodzaza m'makona n'kuyambanso kukunamizani.

Onse ndatchulawa ali ndi ampulifaya m'kati, choncho simufunika kugula ina. Koma funsitsani ngati mtengo akukuuzaniwo ndi wa sipika imodzi kapena ziwiri. HS5 ndi 305P kawirikawiri amagulitsidwa imodziimodzi, pamene Eris E3.5 amabwera awiri m'katoni. Pa bajeti musaiwale zingwe za XLR kapena TRS, zimene zimachepetsa kulira kwa magetsi, ndi kabokosi kolumikiza maikolofoni ndi masipika ku kompyuta, monga Focusrite Scarlett 2i2.

Ambiri kuno zida zotere amatumiziridwa ndi achibale a kunja kapena amagula zogwirapo kale ntchito. Werengani kuseri kwa sipika musanailumikize. Magetsi athu ndi a 230V, ofanana ndi a ku South Africa ndi ku Britain, koma zopangidwira msika wa ku America zambiri ndi za 120V, ndipo yolembedwa 120V yokha imapsa nthawi yomweyo. Pogula yakale, nyamulani nyimbo imene mumaidziwa bwino, muiyese pa sipika iliyonse payokha, mukumvetsera ngati ikunjenjemera kapena kukhosomola. Kagulireninso kachida koteteza ku mphamvu ya magetsi akamabwera mwadzidzidzi, ndipo akazima muzizula pakhoma.

Chimene chimawononga nyimbo zambiri za pakhomo si sipika ayi, ndi chipinda. Nyumba zathu za makoma a pulasitala, pansi pa simenti ndi denga la malata zimabweza mawu ngati mgolo. Ombani m'manja kamodzi muli pakati pa chipinda, mudzamva kulira kotsalira. Makatani okhuthala, kapeti, shelefu yodzaza mabuku ndi matiresi oimika pakona zimathandiza kwambiri popanda kulipira kanthu. Mathireyi a mazira aja anthu amakhoma m'makomawa sathandiza kwenikweni. Ndi opyapyala, sagwira mawu apansi, amasunga fumbi ndi mphemvu, komanso sachedwa kugwira moto.

Kaikidwe kake n'kosavuta. Ngati kuchokera pa sipika yakumanzere kufika pa yakumanja pali mita imodzi, mutu wanu ukhalenso mita imodzi kuchokera pa iliyonse, zonse zitayang'ana kwa inu, kasipika kakang'ono kapamwambako katalingana ndi khutu. Musaziike pakona. HS5 ndi 305P zili ndi bowo lotulutsira mpweya kumbuyo, choncho zimafuna mpata ndi khoma. Ngati tebulo lanu lagundana ndi khoma, zokhala ndi bowo kutsogolo monga Rokit 5 kapena LP-6 sizivuta kwambiri.

Apa makolo ayenera kulowererapo, ngakhale amene sadziwa kanthu za nyimbo. Wojambula amakhala maola ambiri masipika ali pafupi ndi nkhope, ndipo khutu likatopa dzanja limapita lokha kukakweza voliyumu. M'kati mwa khutu muli timaselo tangati tsitsi timene timasandutsa kunjenjemera kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Tikafa sitimeranso. Bungwe la World Health Organization limati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pangozi yowononga makutu chifukwa cha kamvetseredwe kosayenera, ndipo limalangiza kuti wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata pa phokoso la madesibelo 80, pamene kwa ana malire ndi madesibelo 75. Phokoso likakwera ndi madesibelo atatu okha, nthawi yotetezeka imatsika ndi theka. Mwana akamadandaula kuti m'khutu mukulira usiku, kapena akamati “Mwati bwanji?” pafupipafupi, musadikire, pitani naye kuchipatala akamuyeze.

Muyeso wa pakhomo ndi uwu: ngati simungathe kucheza ndi munthu wokhala pambali panu popanda kukweza mawu, voliyumu yakwera kwambiri. Ubwino wake, kusakaniza motsitsa kumathandizanso nyimbo, chifukwa chilichonse chimamveka chokoma chikakwezedwa, ngakhale cholakwika. Azipuma mphindi khumi ola lililonse, ndipo banja ligwirizane nthawi yozimitsira, poti agogo m'chipinda chinacho ndi aneba kuseri kwa mpanda nawonso amafuna tulo.

Mwana wa mlongo wanga uja anadzapeza masipika a mainchesi 5 ogwirapo kale ntchito. Asanatumize nyimbo kwa aliyense masiku ano amayamba waimvetsera pa foni ya mayi ake, kenako pa kawailesi kakukhitchini, ndipo akamva kuti mawu onse anayi akumveka pamenepo ndiye amaitulutsa. Sabuwufa ija inabwerera pabalaza.