Dzuwa la Mwamvu ndi Khungu la Munthu

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa limaswa mtengo mu mzinda wa Lilongwe. Ku Old Town, ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu wa Malangalanga amakhala padzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ku City Centre, antchito a m'maofesi amathamangira pansi pa mitengo nthawi ya nkhomaliro. Okhala ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 ali ndi mwayi pang'ono, pakuti nyumba zambiri kumeneko zazingidwa ndi mitengo ya mthunzi.

Dzuwa la ku Lilongwe ndi laukali chifukwa mzindawu uli pamalo okwera, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Komanso kumapeto kwa Okutobala ndi m'mwezi wa Febuluwale, dzuwa limadutsa paliwombo penipeni, kotero kuti masana chithunzithunzi cha munthu chimabisala pansi pa mapazi ake.

Chimene chimapsereza khungu si kutentha kumene munthu amakumva. Ndi cheza china chosaoneka ndi maso, chimene akatswiri a sayansi amachitcha UV. Chezachi chimapyola ngakhale mitambo yopyapyala. Chikalowa m'khungu chimawononga tizigawo take ting'onoting'ono. Munthu sazindikira msanga ayi. Patapita maola angapo, khungu limafiira, limawawa, ndipo nthawi zina limachita matuza. Pambuyo pa masiku ochepa limayamba kusupuka.

Anthu ambiri a m'Malawi ali ndi utoto wachilengedwe m'khungu mwawo wotchedwa melanini. Utotowu ndi umene umadetsa khungu, ndipo umagwira cheza cha UV chisanalowe mkati. Koma anthu achialubino amabadwa ndi melanini wochepa kwambiri, enanso alibe konse. Chialubino sichipatsirana, ndiponso si tsoka kapena matsenga. Mwana amachitenga kwa makolo ake onse awiri, ngakhale makolowo akhale a khungu lakuda. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno. Kwa iwowa dzuwa si nkhani yamasewera. Khungu likamapsa chaka ndi chaka, limatha kugwidwa ndi khansa, matenda amene apha achialubino ambiri akali achinyamata.

Pamene pali vuto lotere, sipalephera kubwera amalonda. M'maiko ena, makamaka ku Japan, mumagulitsidwa madzi otchedwa madzi a haidirojeni, ndipo mbiri yake imafika kuno kudzera pa intaneti. Haidirojeni ndi mpweya wopepuka kuposa mipweya yonse. Madzi alionse, a m'chitsime kapena a pampopi, anapangika ndi haidirojeni ndi okosijeni zogwirana pamodzi. Opanga madzi atsopanowa amangothiramo mpweya wa haidirojeni wowonjezera, monga momwe amathirira mpweya m'zakumwa zoziziritsa kukhosi. Ena mwa ogulitsa amati munthu akamwa madziwa kapena kuwasamba, sangapse ndi dzuwa.

Nkhaniyi inayamba kutchuka m'chaka cha 2007, pamene akatswiri a ku Japan anapumitsa makoswe mpweya wa haidirojeni, napeza kuti unachepetsa kuwonongeka kwa ubongo wa makoswewo. Koma khoswe si munthu, ndipo ubongo si khungu. Mpweya umene ungasungunuke mu lita imodzi ya madzi ndi wochepetsetsa, wosakwana mamiligalamu 2, ndipo botolo likatsekulidwa umayamba kuthawa. Madokotala sawerengera madzi amenewa m'gulu la zinthu zoteteza khungu ku dzuwa. Madzi amene ali m'mimba sangatchinge cheza chimene chikugwa pakhosi ndi pamakutu. Choopsa nchakuti munthu wowakhulupirira angasiye chipewa m'nyumba n'kupita padzuwa mtima uli m'malo.

Chotchinga dzuwa chiyenera kukhala pakati pa dzuwa ndi khungu. Mthunzi ndiwo woyamba, makamaka kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Chipewa chabwino ndi chokhala ndi khonde lozungulira mutu wonse. Kapusi imasiya makutu ndi khosi pamtunda. Malaya akhale a manja aatali, a nsalu yothithikana. Munthu angayese nsalu poikweza kudzuwa: ngati kuwala kukupyola kwambiri, nsaluyo siteteza mokwanira. Malo otsala, monga nkhope, milomo ndi kuseri kwa manja, amadzolapo mafuta oteteza ku dzuwa. Pabotolo la mafutawa pamalembedwa zilembo za SPF ndi nambala, ndipo achialubino amalangizidwa kudzola a nambala 50 kapena kuposa. Mafutawa amatha mphamvu ndi thukuta, motero amadzolanso pakapita maola awiri. M'masitolo ndi okwera mtengo, koma boma limawapereka m'zipatala zake, ngakhale kuti nthawi zina amasowa. Bungwe la anthu achialubino la APAM lakhala likukumbutsa boma za vuto limeneli.

Nanga munthu akapsa kale? Pamenepo madzi ali ndi ntchito, koma ndi madzi wamba aukhondo. Wopsayo achoke padzuwa msanga, asambe madzi ozizira, kapena aike nsalu yonyowa pamalo powawapo. Amwenso madzi ambiri. Matuza asabooledwe, chifukwa tizirombo tingalowemo. Ngati matuza ndi ambiri, kapena wopsayo akumva malungo ndi chizungulire, apite naye kuchipatala. Chilonda cha pakhungu chimene chatha masabata angapo osapola chionetsedwe kwa dokotala mosachedwa. Ku Lilongwe, odwala matenda a pakhungu amathandizidwa pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central.

Kusukulu, mwana wachialubino ayenera kuloledwa kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali, ngakhale yunifolomu ya sukuluyo ikhale ya manja aafupi. Pa nthawi ya asembule aime pamthunzi. Pogawa ntchito, apatsidwe yosesa m'kalasi osati yolima m'dimba masana. Popeza maso ake saona bwino patali, akhale kutsogolo pafupi ndi bolodi.

Mafunso

1. Tchulani zifukwa ziwiri zimene dzuwa la ku Lilongwe lili laukali.
2. Kodi melanini amagwira ntchito yanji m'khungu?
3. Nchifukwa chiyani madzi a haidirojeni sangatchinge dzuwa?
4. Kodi chipewa cha khonde chimaposa bwanji kapusi?
5. Fotokozani tanthauzo la mawu akuti "dzuwa limaswa mtengo".